Paipi ya giza ikamadontha, musaitseke

Akonzi,

Zikomo pondipatsa danga. Nkhani ndabwera nayoyi si ya ndale, si ya feteleza, ndipo ndikudziwa kuti ena angoiona n'kunena kuti izi n'za anthu odya bwino, poti ndi ya giza. Komatu masiku ano giza ili m'nyumba zambiri za lendi muno mu Blantyre, ku Lilongwe ngakhale ku Mzuzu. Aphunzitsi, anamwino, apolisi, ambiri akugona pansi pa thanki ya madzi otentha imene sanaionepo ndi maso. Chimene timadziwa ndi swichi yake basi. Ine yanga ndinaiona koyamba itagwetsa kale siling'i, ndiye ndati ndisangokhala nazo chete, poti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndine mphunzitsi wopuma, ndinagwira choko ku pulayimale mpaka tsitsi kuyera. Ndimakhala ku Chilomoni, m'munsi mwa phiri la Michiru. Papuloti pathu pali nyumba ziwiri. Ina ndimakhalamo ndi mdzukulu wanga, inayo ndi ya lendi, ndipo kunena zoona ndi imene imandidyetsa kuposa penshoni. Zonse za mapaipi ndi mawaya ankaziona ndi malemu bambo a ana anga. Chaka chilichonse cha mu May, kuzizira kusanayambe, ankabwera ndi pulambala wawo, n'kuimika makwerero pakabowo ka mu kolido, n'kulowa m'siling'i onse awiri. Ine yanga inali kuwathirira tiyi akatsika, ali fumbi lokhalokha. Zoti amakachitako chiyani sindinafunsepo ngakhale tsiku limodzi. Atatisiya, panapita zaka zinayi makwerero aja ali chigonere kuseri kwa khitchini. Safunsa anadya phula.

Unali usiku wa mu July, chiperoni chili m'kati, pamene ndinamva kugogoda pazenera cha m'ma 2 koloko. Anali bambo a m'nyumba ya lendi, tochi ya pafoni ili m'manja, thalauza litanyowa mpaka m'mawondo. "Amayi, pepani takudzutsani, m'nyumba mukugwa mvula." Nditafika ndinapeza chipinda cha ana chili nthunzi yokhayokha, bolodi la siling'i litagwera pabedi, madzi akutsika chuchuchu. Mwayi wake sukulu zinali zitangotsekera, ana anali kwa agogo awo ku Ntcheu. Pabedi pomwepo pamagona kamtsikana ka zaka zisanu. Mpaka lero ndikaganiza zimenezo nsima imandikanika kumeza.

Chochititsa manyazi n'chakuti akuluakulu atatu tinangozungulirazungulira, wopanda ndi mmodzi yemwe wodziwa potsekera madzi opita ku giza. Tinathimitsa magetsi a nyumba yonse pabolodi la maswichi, icho chokha tinachita bwino, kenako tinakatseka madzi pamita, kumpanda, ndi pulayala yobwereka kwa aneba amene tinachita kuwadzutsanso. Pofika apo matilesi awiri, mabuku a sukulu ndi kabati ya zovala zinali zitamwa kale.

Kutacha ndinatuma mdzukulu kukafuna pulambala uja wa malemu, amene pano ndi wamkulu ndithu, imvi mbuu. Ndinkati afikira kukwera m'siling'i. Ayi ndithu. Anayamba kuzungulira nyumba maso ali m'mwamba, m'munsi mwa malata, mpaka anaima kuseri kwa bafa. Pamenepo panatuluka kapaipi kafupi, kotsekedwa ndi chitsekero chachitsulo, chomangidwa mwaluso ndithu, pamwamba pake atakulungapo mphira. Anafunsa mofatsa kuti, "Apa anatseka ndani?"

Bambo aja sanabise. Anati kapaipiko kankadontha tsiku ndi tsiku, khoma linachita kumera ndere, ndipo bilu ya madzi amalipira ndi iwo. Anaitana mnyamata wina wa maganyu a mapaipi wa pamsika, ndipo anakatseka kamphindi kochepa, pa ndalama yongogulira Fanta. Iwo ankaona ngati akundisamalira nyumba. Ndinafuna kupsa mtima koma zinakanika, chifukwa ndikanakhala ine ndikanachitanso chimodzimodzi. Tonsefe tinakula tikudziwa kuti chinthu chikamadontha m'nyumba ndiye kuti chawonongeka.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga, akonzi. Madzi akamatentha amafutukuka. Izi ndinkaziphunzitsa ndekha m'kalasi, ana n'kumakhoza mayeso, koma sindinaganizepo kuti zimachitikanso pamwamba pa bedi la munthu. Giza yathu inali ya malita 150. Madzi amenewo akachoka pa madigiri 20 n'kufika pa 60, amawonjezekera ndi malita awiri ndi pang'ono. Thanki ndi yachitsulo, yotsekeka mbali zonse, siingatanuke ngati chubu cha njinga. Nanga malita awiriwo alowere kuti? N'chifukwa chake pa paipi yolowetsa madzi ozizira amaikapo valavu yochepetsa mphamvu ya madzi ochokera kumsewu, imene imatayanso pang'onopang'ono madzi owonjezekerawo kudzera pa kapaipi kakunja kaja. Kudontha kumene timadana nakoko ndiye umoyo wa giza. Ikamatenthetsa madzi iyenera kudontha, ikamaliza n'kusiya. Ikayamba kudontha usana ndi usiku osapumira, mpaka kudzaza ndowa, ndiye kuti valavu yatha kapena mwalowa mchenga. Apo muitane munthu adzaitsuke kapena adzaike ina. Kutseka pakamwa pa paipi sikuchiza kanthu.

A pulambala akulongosola izi, ine maganizo anali kwathu ku Thyolo. Bambo anga anali kalaliki pa esiteti ya tiyi, ndipo kuseri kwa nyumba za mabwana kunali migolo yokhazikidwa pa ng'anjo za njerwa, yosonkhezera nkhuni, yotenthetsa madzi a m'bafa. Pamgolo uliwonse pankachoka paipi yaitali yolunjika m'mwamba kupitirira denga, yopindika kunsonga ngati ndodo ya agogo. Moto ukachuluka inkalavula madzi ndi nthunzi, ife ana n'kumathawa tikuseka. Mkulu amene ankasonkheza motowo sanaponde m'kalasi, koma ankatiuza kuti mgolo umapumira pamenepo, ukautseka mphuno udzapha munthu. Nzeru imeneyo ife ophunzirafe inatidutsa, kaamba koti mgolo wathu tinaupaka penti yoyera n'kuubisa m'siling'i.

Tsiku limenelo ndinakwera nawo makwerero, ndi miyendo yanga yomweyi, chitenje nditamanga ngati wopita kudimba. A pulambala anayesa kundiletsa koma ndinati zaka zonsezi ndakhala ndikuthira tiyi, lero ndione. Thanki inagona pa matabwa awiri, pansi pake popanda thireyi yolandira madzi. M'mbali, pamsoko, inang'ambika kutalika kwake ngati chala, pozungulira ponse pali dzimbiri psuu. Kenako anandionetsa valavu yachiwiri, yokhala pa thanki penipenipo, imene ntchito yake ndi kutseguka yokha madzi akamayandikira kubwata kapena mphamvu ikapyola muyeso. Imeneyi ikanapulumutsa thanki ngakhale kapaipi kaja katatsekedwa. Koma inali itauma gwa ndi zoyera zija zimamatirira mu ketulo, poti zaka zinayi panalibe woigwedeza. Choncho tsiku lililonse thanki inkadzikankha yokha m'kati, mpaka pamene panali pofooka panagonja.

A pulambala anati tithokoze kuti thermostat, kachipangizo kamene kamazimitsa elementi (chitsulo chotenthetsa madzi m'thankimo) madzi akafika pamlingo, kanali kakugwirabe ntchito. Kakanafa nakonso, elementi ikanangopitiriza kutenthetsa. Madzi otsekeredwa amatha kupitirira madigiri 100 osabwata, ndipo thanki ikangong'ambika ena mwa madziwo amasanduka nthunzi nthawi yomweyo. Lita imodzi ya madzi imatulutsa nthunzi yoposa malita 1,600. Pamenepo sitikanakamba za siling'i ndi matilesi, tikanakamba za denga ndi maliro.

Ndiye ndikupempha owerenga amene ali ndi giza kuti akamaliza kalatayi atuluke panja, azungulire nyumba, awerenge mapaipi otuluka m'munsi mwa malata. Giza yoikidwa mwadongosolo imakhala ndi atatu, ndipo iliyonse imanena zake. Kakang'ono kaja n'koyenera kudontha pang'ono. Yachiwiri, yachitsulo, imachokera pa valavu yoteteza ija, ndipo iyenera kukhala youma. Mukaona ikutulutsa madzi otentha kapena nthunzi, thimitsani giza pabolodi nthawi yomweyo, musadikire kuche. Yachitatu ndi yaikulu, yapulasitiki, yochokera pa thireyi ya pansi pa thanki. Imeneyo ikanyowa ndiye kuti m'mwamba mwayamba kudontha, thireyi ndi imene ikukusungirani siling'i. Nyumba yanga ya lendi ija inali ndi paipi imodzi yokha, yomweyonso yotsekedwa. Valavu yoteteza inkangoyang'ana pa bolodi la siling'i, kutanthauza kuti ikanatseguka ikanathira madzi otentha m'chipinda. Amene anaika giza poyamba anadula njira, ndipo ife tinamuyamika kuti ndi wotchipa.

Za mphamvu ya madzi ndiwonjezepo pang'ono, chifukwa Blantyre ndi mzinda wa mapiri. Madzi athu ambiri amachokera mu Shire, ku Walker's Ferry, n'kupopedwa kukwera mtunda, kenako n'kumatsikira m'nyumba zathu. Amene ali kunsi amawalandira ndi mphamvu zambiri, makamaka usiku pamene aliyense watseka mpopi. Pa giza iliyonse pamalembedwa mphamvu imene ingapirire, mwachitsanzo 400 kPa kapena 600 kPa, ndipo valavu ya pa paipi yolowera isapose nambala imeneyo. Pogula valavu musangoti ndipatseni ya giza. Pitani ndi nambala yolembedwa papepala.

Tsopano ndinene chimene malemu ankakwerera m'siling'i chaka ndi chaka, chimene ndinachidziwa mochedwa. A pulambala anamasula pa thanki yakufayo kachitsulo kena n'kundipatsa m'manja. Kanali kawaya kowonda ngati sipoko ya njinga, kodyekadyeka. Kenako anatulutsa m'chikwama chinzake chatsopano: ndodo yotuwa, yonenepa ngati chala chachikulu, yaitali ndithu. Dzina lake ndi anode, ndipo kawirikawiri imapangidwa ndi chitsulo chotchedwa magnesium. M'kati mwa thanki amapakamo zonyezimira ngati za mbale zachitsulo zakale zija, zimene zikagwa pansi zimasendeka n'kuyamba dzimbiri pomwepo. Kutentha ndi kuzizira kwa tsiku ndi tsiku kumasiya timing'alu tosaoneka ndi maso, ndipo madzi amafika pa chitsulo. Ndodo ija imaikidwa dala kuti izidyedwa m'malo mwa thanki, chifukwa magnesium amadyeka msanga kuposa chitsulo cha thankiyo. Dzimbiri ndi mlendo wosabwezeka, ndiye umamuphera nkhuku kuti asakudyere mbuzi. Nkhuku ikatha, mlendo sachoka, amalowa m'khola.

Ndodo yathu inatha kalekale, ndipo kuyambira pamenepo imene inkadyedwa ndi thanki. Ndodo imeneyi ndi yofunika kuiona chaka chilichonse, mukachedwetsa zaka ziwiri, ndipo ikawonda kwambiri muike ina. Mtengo wake suyandikira n'komwe mtengo wa giza. Ine giza yatsopano, mavalavu, thireyi, mabolodi, penti ndi amisiri zinandidyera lendi ya miyezi isanu. Ndafunsa amayi anzanga a kumvano amene ali ndi nyumba za lendi, asanu ndi mmodzi, ndipo panalibe amene anamvapo dzina lakuti anode. Wina anaseka n'kuti giza yake yatha zaka khumi osaigwira ndipo ili bwinobwino. Mwina madzi a kwawoko ndi achifundo. Ine sindinamutsutse, ndinangomufunsa kuti pansi pake pamagona ndani.

China chimene malemu ndi pulambala wawo ankachita ndi kukhuthula thanki kuti matope atuluke. Madzi akasowa m'mipopi n'kubwerera, oyamba aja amabwera ofiira, ndipo zonsezo zimakakhazikika pansi pa thanki. Onjezanipo zoyera za mu ketulo zija. Mukafuna kudziwa mmene m'giza mwanu mulili, suzumirani mu ketulo yanu, chifukwa zimamwa madzi amodzi. Amene amapopa madzi a pamjigo kapena pachitsime, makamaka kumadera kumene madzi ndi amchere ngati mbali zina za ku Chikwawa ndi Nsanje, vutoli limawafikira msanga. Zoyerazo zikakuta elementi, kutentha kumavutika kutuluka, madzi amachedwa kufunda, elementi imapsa isanakalambe. Nthawi zina giza imachita kukuuzani yokha: imalira thethethe ngati mbuliuli mu chiwaya.

Kakhuthulidwe kake ndinakalemba m'kabuku a pulambala akuchita pa giza ya m'nyumba mwanga, imene inali yamsinkhu umodzi ndi yakufayo. Amathimitsa magetsi dzulo lake kuti madzi azizire. Patsikulo amaonetsetsa kuti swichi ya giza pabolodi ili pansi, osadalira ya pakhoma yokha, n'kutseka madzi olowera. Amatsegula mpopi wa madzi otentha m'bafa kuti mpweya uzilowa, n'kulumikiza paipi ya mphira yothirira maluwa pa kampopi ka m'munsi mwa thanki, mbali inayo n'kuitulutsa panja. Zimene zinatuluka m'giza yanga sindikanakhulupirira kuti ndakhala ndikusamba pamwamba pake: poyamba phala lofiira, kenako timiyala toyera ngati makoko a mazira. Amatsegulako madzi olowera kangapo kuti avundule zotsalira, mpaka otuluka ayere. Akatseka kampopi kaja amadzaza thanki, mpopi wa m'bafa uli chitsegukire, kufikira utasiya kutsokomola mpweya n'kumatulutsa madzi mosadukiza. Magetsi amabwera pomalizira penipeni. Apa anabwereza kawiri, ndipo ine ndinadula mzere kunsi kwake: elementi ikayaka popanda madzi imapsa pakamphindi.

Mfundo yomweyi ndi imene imatipweteka madzi akasowa. Mukaona kuti mipopi yauma, thimitsani giza. Pali nyumba zina zimene madzi a m'thanki amabwerera m'mbuyo kapena amatha anthu akamatunga, elementi n'kutsala pamtunda. Magetsi akayaka usiku inu muli m'tulo, m'mawa mudzangodabwa madzi akuzizira. Aneba anga asintha elementi katatu m'zaka ziwiri, ndipo nthawi zonse amati za masiku ano n'zachinyengo. Mwina zina n'zachinyengodi, koma swichi yawo sinatsikepo chiikireni.

Wina afunsa kuti kodi ntchitoyi munthu angaichite yekha? Kuwerenga mapaipi, kusuzumira m'thireyi ndi tochi, kuyang'ana dzimbiri ndi chinyezi pa zolumikizira, izi aliyense angathe. Mavalavu ena oteteza ali ndi kogwirira koti mukakakweza pang'ono madzi amatuluka panja, mukakasiya n'kuleka. Akapanda kutuluka, kapena akapanda kuleka, valavuyo yatha. Koma kutsegula chivindikiro cha elementi, kumene kuli mawaya, asiyireni odziwa. M'siling'inso mumaponda pa mitanda yokha. Bolodi silinyamula munthu, ndipo masana a mu October m'menemo ndi mu uvuni, kwerani m'mamawa.

Pa za thermostat ndili ndi mawu kwa magulu awiri. Pali ena amaikweza mpaka kumapeto kuti madzi akwanire banja lonse. Tiyeni tiwerengere limodzi, poti masamu ndiye munda wanga. Kutenthetsa malita 150 kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60 kumadya mayunitsi pafupifupi 7, ndipo elementi ya 3 kW imatenga maola awiri ndi mphindi 20. Banja lomaliza thanki yonse tsiku lililonse lawononga mayunitsi 210 pamwezi pa kusamba kokha. Mukakweza kufika pa 70, thanki yomweyo ikufuna pafupifupi 9, zoyera zija zimachuluka msanga, ndipo kutentha kotayikira m'siling'i kumawonjezeka. Ndiye pali ena, otopa ndi kugula mayunitsi, amaitsitsa mpaka madzi angokhala ofunda ngati a mwana wakhanda. Awanso akulakwitsa. Pali tizilombo totchedwa Legionella timene timaswana bwino m'madzi ofunda, apakati pa madigiri 20 ndi 45. Dzinali linachokera ku mliri wa chibayo umene unagwira asilikali akale a ku America pa msonkhano wawo mumzinda wa Philadelphia mu 1976. Munthu amatitenga popuma timadontho ta madzi touluka, ngati ta mu shawa, ndipo timavutitsa kwambiri okalamba ngati ine, osuta fodya ndi amene chitetezo cha m'thupi chatsika. Pa madigiri 60 timafa. Choncho muvi ukhale pa 60. Mukachokapo masabata angapo giza ili chithimire, pobwera muitenthetse mokwanira, mutayeko madzi oyamba, kenako muzisamba.

Koma dziwani kuti madzi a madigiri 60 amasupula khungu la mwana m'masekondi ochepa. Posambitsa ana, m'beseni muziyamba ozizira, otentha pambuyo, n'kuyesa ndi chigongono monga ankachitira amayi athu ndi madzi a pamoto. Atsikana antchito muwauze zimenezi tsiku loyamba.

Ofuna kupulumutsa mayunitsi ayambe ndi mpopi wotentha wodontha. Wanga wa kukhitchini ndinautchera chigubu cha malita asanu usiku, m'mawa chinali chitadzaza. Amenewo ndi madzi olipiridwa kawiri, kumita ya madzi ndi kumita ya magetsi, pamene chofunika ndi kalabala kogula ndi chenji. Kukulunga mapaipi otentha ochoka pa thanki kumathandizanso, makamaka miyezi ya chiperoni.

Chimodzi chokha chimene sindifuna kuti munthu anyengerere ndi nyesi. Mukagwira mpopi kapena shawa n'kumva kuluma, ngakhale pang'ono, musati ndi mmene imachitira. Kawirikawiri ndiye kuti elementi yang'ambika, magetsi akulowa m'madzi, ndipo waya wa earth, wotayira magetsi otere m'nthaka, palibe kapena waduka. Ndinamvapo mayi wina akulangiza mnzake kuti azingosamba atavala masilipasi. Masilipasi! Thimitsani pabolodi, tenthetsani madzi pa mbaula mpaka wamagetsi abwere. Amisiri oika mawaya m'nyumba amayenera kukhala ndi chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndipo kupempha kuti muchione si mwano.

Amene anathawira ku giza za dzuwa asaganize kuti nkhaniyi yawadutsa. Kuno kwathu zinachuluka pamadenga namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi ku Kapichira mu January 2022. Nazonso zimafuna kupukutidwa fumbi pa magalasi, nazonso zili ndi popumira posayenera kutsekedwa, zina zili ndi anode, ndipo thanki ikauma musailowetse madzi ozizira dzuwa lili paliwombo, machubu agalasi aja amasweka. Dikirani madzulo kapena m'mawa. A nyumba zakale zokhala ndi thanki ya madzi ozizira m'denga, yotseka ndi mpira ngati ya kuchimbudzi, akaone ngati chivindikiro chilipo. A pulambala akuti zimene amavuulamo, abuluzi ndi makoswe, sizoyenera kuzikamba anthu akudya.

Nditaganiza mofatsa, ndinaona kuti giza ija sinaphedwe ndi mnyamata wa pamsika yekha. Inafa chifukwa inalibe mwini. Ine ndinkati okhalamo ndi amene akuigwiritsa ntchito, akaona vuto anena. Iwo ankati nyumba ndi ya amayi, za m'denga si zathu, ndiponso ukamadandaula pafupipafupi eni nyumba amakukwezera lendi kapena kukupatsa notisi. Mantha amenewa ndi enieni, ndipo eni nyumbafe ndi amene tinawabzala. Munthu amalolera kuitana wa maganyu mwakachetechete kusiyana n'kugogoda pakhomo pa landilodi. Pepala limene tinasainirana linkanena za tsiku lolipira, za penti, za kuweta nkhuku, koma za thanki ya malita 150 yopachikika pamwamba pa ana, ngakhale liwu limodzi.

Tinakhala pansi pakhonde ndi banja lija. Ine ndinavomera za giza ndi siling'i, iwo anati matilesi ndi mabuku aona okha, ndipo sanasamuke. Papepala tinawonjezapo kuti kuyendera giza kamodzi pachaka ndi udindo wanga ndipo ndalama yake ndi yanga, pamene iwo udindo wawo ndi kundiuza tsiku lomwelo akaona kudontha kwachilendo, dzimbiri m'madzi otentha, banga pa siling'i kapena nyesi, ndipo kunena zimenezi sikudzakhudza lendi. Chogwirira chotsekera madzi a giza tinachitsitsira pofikika n'kuchipaka penti yofiira. Ndinaitana mayi a m'nyumbamo, osati bambo okha, chifukwa masana amene amakhala pakhomo ndi iwo, ndipo anatseka n'kutsegula ndi dzanja lawo. Pabolodi tinamata kapepala kolembedwa kuti GIZA. Ndili ndi kabuku, ngati rejisitala ya kalasi, kolembamo tsiku limene a pulambala anabwera ndi chimene anasintha.

Kwa ogulitsa zipangizo m'masitolo a hardware ndili ndi pempho. Giza zambiri zimene mumatigulitsa zimachokera ku South Africa, ndipo kabuku kake kamakhala m'Chingerezi cha timalemba ting'onoting'ono, kamene kamatayidwa limodzi ndi katoni. Yanga yatsopanoyi nditawerenga ndi magalasi ndinapeza kuti chitsimikizo chake chimagwira ntchito pokhapokha itaikidwa ndi mavalavu oyenera ndiponso ikamasamalidwa. Pogula palibe anandiuza. Kodi n'chovuta kusindikiza tsamba limodzi m'Chichewa, lonena za mapaipi atatu aja, za anode ndi za madigiri 60, n'kumapatsa aliyense wogula? Anyamata a maganyuwonso sindikuwanyoza, akufuna kudya ngati tonsefe, ndipo ena manja awo ndi aluso kuposa a masatifiketi. Koma a TEVETA ndi sukulu zathu za ntchito zamanja atawaganizira ndi timaphunziro ta masiku ochepa, mnyamata uja akanawauza bambo aja kuti apa sipotseka, ndipo akanapeza ganyu yaikulupo yosintha valavu.

Pansi pa kapaipi kaja tsopano pamakhala chigubu chodulidwa pakamwa, kuti khoma lisamerenso ndere. Kamtsikana kaja ndi kamene kanadzipatsa ntchito yochinyamula m'mawa uliwonse kukathirira mpiru wanga, ndipo kamadziwa pamene madzi amalekezera. Lachiwiri lapitali kanabwera kakuthamanga, yunifolomu ili m'manja, kudzandiuza kuti, "Agogo, lero chadzaza mpaka kutayikira." A pulambala ndawaimbira, akuti afika Loweruka m'mawa ndi valavu ina.

Mphunzitsi wopuma,
Chilomoni, Blantyre